Kuongola Mtengo Mpoyamba, Koma Poyamba Pake ndi Pati?



Mwambi umene ndautenga lero ndi wodziwika kwa wamkulu ndi mwana yemwe: kuongola mtengo mpoyamba. Mbale wake ndi uja wakuti m'mera mpoyamba. Pa zaka zonse zimene ndidakhala mphunzitsi wamkulu ndidaunena mwambi umenewu kosawerengeka, pa mzere wa m'mawa, pa misonkhano ya makolo, ngakhalenso m'makalata opita ku komiti ya sukulu. Tsopano pamene mutu wayera ndipo choko ndidachitula kalekale, ndazindikira kuti ndinkaunena ndisadaufike pamtima pake. Ine ndinkayesa kuti poyamba pamene akuluakulu ankanena ndi Sitandade 1 basi. Koma aliyense amene adadzalapo mbawa kapena mango akudziwa kuti mbande ikakhala m'chubu ku nazale sivuta, pakuti ili pamthunzi ndipo imathiriridwa m'mawa ndi madzulo. Imakhota ikawokeredwa kumunda, kumene kuli mphepo, mbuzi ndi chiswe. Pamenepo mpamene imafuna kamtengo kochirikiza ndi mpanda wa minga.

Mwana nayenso ali ndi nyengo yake yowokeredwa. Ndi zaka za pakati pa 10 ndi 15, zimene kwa mwana woyamba sukulu ali ndi zaka 6 zimagwa kuyambira Sitandade 5 mpaka Fomu 2. Ku America ndi kumaiko ena ana a msinkhu umenewu amawapatula n'kuwapatsa sukulu yawoyawo yapakati. Ife kuno tidawagawa pawiri: ena ali kumchira kwa pulayimale, ena ali kumutu kwa sekondale, ndipo palibe amene amawaona ngati gulu limodzi lofuna chisamaliro chakechake. Sindikupempha kuti boma limange nyumba zina, ndipo ngakhale akuluakulu a maphunziro atasintha kawerengedwe ka makalasi, msinkhu wa mwana sungasinthe. Chimene ndikunena n'chakuti pa zaka zimenezi mwana wa ku Malawi amawoloka mitsinje itatu, ndipo ife aphunzitsi ndi makolo takhala tikuimirira kutsidya n'kumawerenga amene afika, osawerenga amene atengedwa ndi madzi.

Mtsinje woyamba: chiyankhulo

Mu 1968 Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo dongosolo lidali lakuti mwana aphunzire m'Chichewa kuchokera Sitandade 1 mpaka 4, kenaka Chingerezi chitenge malo kuyambira Sitandade 5. Mu 1996 unduna udalamula kuti makalasi anayi oyambawo aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo kwa mwana. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 kudalengezedwa kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Malamulo asintha kangapo, koma imani pazenera la kalasi ya kumudzi mumvetsere. Mphunzitsi wa ana aang'ono amayankhula chimene anawo akumva, pakuti sangachitire mwina. Tsono tsiku limafika ndithu pamene buku la sayansi ndi la masamu amakhala m'Chingerezi chokhachokha, funso la mayeso m'Chingerezi, yankho lakenso m'Chingerezi. Mwana wa ku Mangochi woyankhula Chiyao, wa ku Nsanje woyankhula Chisena, kapena wa ku Rumphi woyankhula Chitumbuka, mtsinje umenewu amauwoloka kawiri.

Pano ndiyenera kuulula mlandu wanga. Pa sukulu ina ya kumudzi imene ndidatsogolera tidali ndi kathabwa kobooledwa, komangidwa chingwe. Mwana wa Sitandade 5 kupita m'tsogolo akamveka akuyankhula Chichewa pabwalo la sukulu ankavekedwa kathabwako m'khosi, ndipo ntchito yake idali kutchera khutu kuti apeze mnzake womuveka. Wotsala nako poweruka ndiye ankatchetcha udzu kapena kukumba dzenje la zinyalala. Lamulo limeneli sindidaliyambe ndine, koma ndidalisunga mwakhama, ndipo alendo akabwera ndinkanyadira kuti pa sukulu panga pali bata.

Padali mnyamata wina, mbusa wa mbuzi za amalume ake, amene ku Sitandade 4 palibe adampitirira pa masamu. Adali wolongolola, wa mafunso osatha. Teremu yoyamba ya Sitandade 5 kathabwa kaja kadasanduka mkanda wake. Teremu yachiwiri sikadamgwerenso, ndipo ine ndidati mwana uja waongoka. Zoona zake zidali zakuti adangosiya kuyankhula. Adabwereza kalasiyo, nakwera Sitandade 6 movutikira, ndipo mvula ya chaka chimenecho itagwa sadabwerenso. Patapita zaka zambiri ndidampeza pa msika ali pa sikelo, akugula mtedza kwa alimi, akuwerengera makilogalamu ndi makwacha pamutu msanga kuposa mnzake amene adali ndi makina owerengera. Adavula chipewa nandilonjera mwaulemu. Nditamfunsa chimene adasiyira sukulu, adaseka pang'ono nati, "Ahedi, samu ndinkazidziwa. Funso ndilo ndinkalephera kulimva, ndipo kufunsa kudali mlandu." Ndidabwerera kunyumba osagula chimene ndidapitira. Timati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma sitifufuza amene adaiphunzitsa manyaziwo. Timatinso safunsa adadya phula, pamene ndife tomwe tidamanga pakamwa pa wofuna kufunsa.

Musandimve molakwa. Chingerezi n'chofunika kwambiri, ndipo popanda kuchikhoza satifiketi ya MSCE siituluka. Alipo anzanga amene amati mwana ukamponya m'madzi akuya a Chingerezi amaphunzira yekha kusambira. Kwa mwana wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene amachimva pa wailesi yakanema, kutchalitchi ndi kwa makolo ake, mwina n'zoona. Kwa mwana amene amachimva pakamwa pa mphunzitsi yekha, madziwo ndi omiza. M'zaka zanga zomaliza ndidaphunzira njira ina kwa mphunzitsi wina wamkazi amene ndinkamuyang'anira, ngakhale pa nkhani iyi ndiye adali mkulu wanga. Iye ankayamba ndi chinthu chenicheni m'manja, kaya duwa la dzungu kaya batire la tochi, n'kuchifotokoza m'chiyankhulo chimene ana akumva. Kenaka ankalemba pabolodi mawu a Chingerezi ochepa chabe a phunziro la tsikulo, ndipo mwana ankafotokoza chimene wamva, poyamba m'Chichewa, kachiwiri m'Chingerezi, ngakhale chothyokathyoka. Teremu iliyonse Chichewa chinkachepa, Chingerezi chinkachuluka. Pofika Sitandade 7 ana ake ankayankhula Chingerezi mopanda mantha kuposa ana anga aja a kathabwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Apa pali chinthu chimene mphunzitsi wamkulu aliyense angachite mawa lomwe popanda kudikira ndalama. Ife ahedi timakonda kuika mphunzitsi waluso koposa ku Sitandade 8, chifukwa dzina la sukulu limamveka ndi zotsatira za mayeso. Makalasi aang'ono nawo adapeza owakumbukira, pakuti ndondomeko ya dziko lonse yolimbikitsa kuwerenga imene idayamba mu 2016 idalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4. Sitandade 5, 6 ndi 7 ndiwo amasiye, ndipo kawirikawiri amalandira mphunzitsi amene watsala. Ine ndikuti wopalasa bwato waluso ayikidwe pa mtsinje, ku Sitandade 5, pakuti mphunzitsi wa Sitandade 8 amangokolola chimene chidafesedwa zaka zitatu zapitazo.

Kumbukirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 idamchotsa ku sekondale atangoyamba kumene, makolo ake atalephera kulipira fizi. M'laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale adapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chidali chochepa, choncho ankatsata zithunzi, mpaka adapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, ziwalo za njinga ndi zitsulo zotayidwa, ali ndi zaka 14. Mu 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Nzeru m'mutu mwa mnyamatayo idalimo kale Chingerezi chisadafike. Ndi angati otere amene ife tidawalemba m'kaundula kuti ndi mbuli?

Mtsinje wachiwiri: thupi

Pa zaka zomwezi thupi la mwana limasintha, ndipo pamenepa makolo athu amene sadaone bolodi adatiposa nzeru. Mwana akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo ake. Mtsikana ankakagona ku kuka kwa agogo ake, mnyamata ankapita ku mphala kapena ku gowelo, kumene ankamva malangizo amene bambo kapena mayi sakadawanena ndi pakamwa pawo. Pa chinamwali padali namkungwi, amene ankalangiza anamwali onse pamodzi. Koma padalinso munthu wina amene ife a sukulu tidamuiwala: phungu. Namwali aliyense adali ndi phungu wake, munthu amene adadutsamo kale, woyenda naye, womufotokozera pambali zimene sadamve pagulu, womtonthoza akalira, woyankha mlandu wake akalakwa. Sukulu yathu idatenga udindo wa namkungwi n'kuupereka kwa mphunzitsi, koma mpando wa phungu udatsala wopanda munthu.

Achinyamata amati tsabola wakale sawawa, ndipo pa zina amanena zoona. Sindikuitanitsa zakale zonse. Mwambo wa kusasa fumbi ndi uja wokwatitsa ana ongotha msinkhu adaononga miyoyo ya atsikana ambiri, ndipo ndi bwino kuti afe. Dziko lathu layendapo ndithu pa nkhani imeneyi. Mu 1993 boma lidalola kuti mtsikana amene watenga pathupi abwerere kusukulu akabereka, pamene kale ankangochotsedwa basi. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza adathetsa maukwati a ana mazanamazana nabweza anawo kusukulu, kuonetsa kuti ufumu ndi sukulu zingathe kusenza denga limodzi. Magulu a amayi a m'masukulu nawo agwira ntchito yaikulu, kusoka nsalu zothandiza atsikana pa masiku awo a kumwezi ndi kulondola amene asowa m'kalasi.

Komabe lamulo limagwira ntchito madzi atatayika kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Mtsikana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba wajomba masiku atatu pamwezi chifukwa pa sukulu palibe chimbudzi chotseka bwino kapena madzi osamba. Kenaka amatsalira pa masamu, amachita manyazi kukhala m'kalasi limodzi ndi ana aang'ono kwa iye, ndipo mwamuna wa pa golosale amayamba kumpatsa sopo ndi mafuta odzola. Mnyamatanso ali ndi njira yake yotayikira: ganyu wa m'munda wa fodya, usodzi kunyanja, kabaza pa msika, ndi nkhani zokoma za anzake obwera ku Joni atanyamula wailesi ndi foni. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere, koma ndani amene angamng'ambire nkuyuyo kuti aone? Masukulu atatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, miyezi yochepa chabe idakwanira kuti atsikana ambirimbiri atenge pathupi kapena kukwatiwa. Tidaona ndi maso kuti chingwe chimene chimawagwira ana a msinkhu umenewu n'chopyapyala.

Choncho ndikuti mwana aliyense kuyambira Sitandade 5 akhale ndi phungu wake, munthu wamkulu mmodzi amene akudziwa dzina lake, mudzi wake, amene akumlera, ndiponso ngati wadya m'mawa. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, phunguyo afike pakhomo tsiku lachinayi, asanakwane mwezi.

Ndikudziwa yankho la aphunzitsi anzanga, ndipo silopanda pake. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi pafupifupi 20,000 adalembedwa mwachangu, ambiri a iwo asadapite ku koleji. Ine ndidalipo, ndipo ndidaona ana akuphunzira pansi pa mitengo. Sukulu yaulere idali mdalitso, koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake tikuyendamobe. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi, amene malipiro ake amatha mwezi usadafike pakati, mungamuuze bwanji kuti akhalenso phungu wa aliyense? Yankho langa ndi lakuti phungu wakale sadali namkungwi. M'mudzi uliwonse muli aphunzitsi opuma ngati ine, anamwino opuma, amayi a m'gulu la amayi, akuluampingo ndi mashehe, achinyamata odzisunga amene adamaliza Fomu 4. Komiti ya sukulu pamodzi ndi anyakwawa asankhe anthu a mbiri yabwino, aliyense apatsidwe ana 10 kapena 15. Mtsikana akhale ndi phungu wamkazi, ndipo azikumana poyera, pakuti tisabisane, ena mwa amene adaononga atsikana athu adali aphunzitsi ndi akuluakulu omwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambi umenewu timaukonda pa maliro ndi pa ukwati. Tiugwiritsenso ntchito pa kaundula wa sukulu.

Ndipo phungu woyamba wa mwana wanjala ndi phala. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kudyetsa ana a sukulu kuno ku Malawi mu 2002, ndipo aliyense amene adaonapo mzere wa makapu pa nthawi yopuma akudziwa chimene likuni phala amachita pa chiwerengero cha obwera kusukulu. Kumene kulibe bungwe, munda wa sukulu ndi ndowa imodzi ya chimanga kuchokera ku banja lililonse pa nthawi yokolola zingathe kuyambitsa kanthu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mtsinje wachitatu: mayeso

Mtsinje wachitatu ndi mayeso a Sitandade 8, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB lokhazikitsidwa mu 1987. Chipata cha sekondale chakhala chopapatiza kuyambira kale. Blantyre Secondary School idatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndi Dedza mu 1951, ndipo kwa nthawi yaitali kusankhidwa kudali ngati kutola ndalama panjira. Kumapeto kwa 1998 malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa masukulu a sekondale oyendera a m'madera, amene timawatcha ma CDSS, ndipo chipata chidakulako. Ngakhale zili choncho, chaka ndi chaka ana okhoza mayeso amachuluka kuposa malo a Fomu 1.

Mantha a chipata chimenechi ndiwo adasandutsa makalasi apamwamba a pulayimale kukhala malo oloweza. Ana amabwera m'bandakucha, amaweruka dzuwa litapendeka, tchuthi sachidziwa, ndipo ntchito yawo ndi kukopera manotsi ndi kuyankha mapepala a mayeso akale. Masewero, zojambula, nyimbo ndi munda zimaikidwa pambali. M'masiku anga ndidaona ana akubwereza Sitandade 8 katatu, ena kusintha dzina kumene, kufunafuna sekondale yogonera komweko. Mwana wotere akafika Fomu 1 amadziwa mayankho ambiri, koma mukatembenuza funso pang'ono amasowa pogwira. Kuthamanga sikufika.

Chodabwitsa n'chakuti mabuku a boma sanena kuti tiziphunzitsa chotero. Silabasi ya pulayimale imene akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi adaikonza, imene idayamba kulowa m'masukulu mu 2007, idati mwana akhale pakati pa phunziro, azichita ndi manja ake, azikambirana ndi anzake, ndipo aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse. Aphunzitsi adaphunzitsidwanso za TALULAR, ndiko kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Ena ankati zimenezi ndi nzeru zachilendo zobwera ndi azungu. Ine ndidaseka, chifukwa ndidakulira pa masanje. Akatha kukolola, ana tinkamanga timisasa ta mapesi, tinkakunkha chimanga chotsalira m'munda, atsikana n'kusinja ndi kuphika, anyamata n'kukasaka mbewa, wina n'kukhala mfumu yoweruza milandu. Palibe amene adatilembera manotsi a kaphikidwe ka nsima. Madzulo pamoto wina akati "Ndagi!" tonse tinkayankha "Gize!", ndipo wolephera kumasulira sankakwapulidwa, ankangopereka mudzi kuti auzidwe yankho. Agogo akati "Padangotero" tinkayankha "Tili tonse", ndipo wofotokoza nthano ankadziwa pomwepo ngati omvera agona. Kodi mphunzitsi woyankhula yekha kwa mphindi 35 amadziwa bwanji kuti ana ali naye?

Ndipereke chitsanzo. Alangizi a zaulimi amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, ndipo mapando atalikirane masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Tulutsani ana a Sitandade 6 kumunda wa sukulu ndi chingwe. Ayeze mzere wa mamita 30, apeze okha kuti mukulowa mapando 120. Awerenge mizere, apeze mbewu zofunika munda wonse, kenaka alembe zimene apeza m'ziganizo zitatu za Chingerezi. Pa ola limodzi aphunzira kugawa, kuchulukitsa, miyeso, ulimi ndi chiyankhulo, ndipo mwana uja wosayankhula m'kalasi mudzampeza ndiye wagwira chingwe akulamula anzake. Funso lotere likadzabwera pa mayeso atalitembenuza, iye adzalizindikira, chifukwa adaliponda ndi mapazi.

Amene awoloka mtsinje wachitatuwu asayesedwe kuti afika. Mwana wa Fomu 1 ndi mbande yowokeredwanso kachiwiri. Wachoka kwa mphunzitsi mmodzi amene ankamdziwa, wapeza aphunzitsi ambiri, aliyense ndi phunziro lake, ndipo palibe womdziwa dzina. Wa ku CDSS amayenda mtunda wautali, kapena amachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, n'kumadziphikira yekha ali ndi zaka 14, kutali ndi diso la mayi ake. Wa kogonera amakumana ndi nkhanza za akuluakulu a Fomu 3 ndi 4. Mayeso a JCE, amene adalembedwa komaliza mu 2016 asadabwezeretsedwe mu 2021, anthu adakangana nawo kwambiri, ena nati ndi otayitsa ndalama, ena nati amadzutsa ana ogona. Ine mkangano umenewo sundikhudza kwambiri. Mayeso ali ngati sikelo, amakuuza kulemera kwa mbuzi koma sainenepetsa. Mwana wa Fomu 1 akusowa munthu womufunsa Lachisanu lililonse kuti sabata yayenda bwanji, akugona kuti, ndipo ndi phunziro liti limene lamukanika.

Mawu kwa makolo ndi kwa adzukulu

Inu makolo, musanene kuti ine sukulu sindidapite, ndingathandize chiyani. Mayi anga sadadziwe kulemba dzina lawo, koma Loweruka lililonse ankandiuza kuti ndiwatsegulire kope langa, ndipo ankawerenga zizindikiro zofiira za mphunzitsi monga amawerengera nkhuku zawo madzulo. Tsamba likakhala lopanda chofiira ankafunsa ngati ndidajomba ine kapena adajomba ndi mphunzitsi. Chitani chomwecho. Mwana wa Sitandade 6 muuzeni akufotokozereni m'chiyankhulo chanu chimene waphunzira lero. Akalephera, dziwani kuti sadamve, ndipo pitani mukaonane ndi aphunzitsi teremu isadathe. Zengerezu adalinda kwaukwau. Inunso amalume ndi azakhali amene muli ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, ndalama ya yunifolomu ndi makope imene mumatumiza ndi yabwino, koma foni ikalira pemphani kuti muyankhule ndi mwanayo mwini wake, mumfunse dzina la mphunzitsi wake wa masamu.

Ndipo inu adzukulu anga amene muli pa msinkhu umenewu, imvani agogo anu. Ngati simudamve, funsani. Funsani m'Chingerezi chothyoka, chikakanika funsani m'Chichewa, koma musatuluke m'kalasi ndi funso m'mimba. Wokusekani lero sadzakulemberani mayeso. Dzisankhireni munthu wamkulu mmodzi wodalirika amene mungamuuze zakukhosi, pakuti akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mnzanu wa pa desiki akasowa masiku awiri, kamuoneni kwawo, ndipo kauzeni aphunzitsi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bambo uja wa pa sikelo tsopano ali ndi ana akeake. Ulendo wina adandiuza kuti mwana wake wamkazi wayamba Sitandade 5, ndipo adandipempha kuti ndizimuonerako makope ake. Ndidavomera msangamsanga, pakuti ngongole imene ndili nayo kwa bambo wake sindingaibweze mwa njira ina. Mtsikanayo amabwera pakhonde pano Lachitatu lililonse akaweruka. Ali ndi mafunso osatha ngati bambo wake, ndipo ndimamuyankha m'chiyankhulo chilichonse chimene wafunsira.

Ntchito ya kunyumba ya sabata ino ndi iyi: kafunseni agogo anu aakazi kuti phungu wawo adali yani, ndipo adawachitira chiyani. Mukandilembere zimene akuuzeni. Ulendo wamawa tidzakambirana mwambi wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tsalani bwino nonse.

Ine agogo anu,
Mphunzitsi wamkulu wopuma